Gitala Pamwamba pa Tebulo

Amuna anga amakonza makina osokera. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa anthu akaona chithunzi cha pachimbale chawo amaganiza kuti ndinakwatiwa ndi munthu wamatama. Ayi ndithu. Ndinakwatiwa ndi munthu wonunkha oilo, wosunga timasikuluu m'chitini cha mkaka, woti ukamupatsa tiyi woiwala shuga amamwa yense n'kuthokoza. Kashopu kawo kali pakati pa ometa tsitsi ndi mayi wogulitsa mabatani, ndipo m'menemo makina akufa ndi ambiri kuposa amoyo. Kuseri kwa chitseko kumakhala gitala.

Gitalayo amaimbira jazi. Jaziyu ndakhala naye nyumba imodzi kuyambira ndili mtsikana mpaka imvi zino, koma ndinganame nditati ndimamumvetsa. Nyimbo imayamba bwinobwino, iwe n'kumati eya, iyi ndikuidziwa. Kenaka imatuluka panja n'kuyamba kuzungulira m'makomo mwa eni, kuiwaliratu chimene inatumidwa. Ukati basi yasochera, ndi iyo yalowera khomo lakuseri ikumwetulira. Amuna anga amati kukoma kwake n'komweko. Ine ndimati mwana wotere amafunika kumukhazika pansi.

Gulu lawo ndi la anthu atatu. Amaimba pakona ya chipinda chodyera cha hotela ina kumapeto kwa sabata, ndipo akhalitsa pamenepo moti mipando yasinthidwa kangapo iwo ali pomwepo. Pa besi pali Aphunzitsi, amene anapuma ntchito yophunzitsa masamu koma nkhope yawo sinapume. Amaimba atatsinzina, ngati akupempherera ana olephera. Pa ng'oma pali achimwene anga, obadwa nawo bere limodzi, omwe anandibweretsera mwamunayu pakhomo. Anabwera naye kudzayeserera nyimbo pakhonde, ine n'kupereka madzi akumwa, mnyamata wa gitala n'kudzithira kapu yonse pathalauza chifukwa cha manyazi. Ndinaona kuti munthu ameneyu payekha sangafike patali, ndiye ndinamutenga.

Achimwene anagwira ntchito pamakina ocheka matabwa moyo wawo wonse, ndipo makinawo anawadyera makutu. Lakumanzere ndi limene linayamba kutseka, lakumanja n'kumatsatira pang'onopang'ono. Ine ndinazindikira tsiku limene ndinawauza kuti mwana wanga wamkulu wathyoka mkono, iwo n'kuseka n'kunena kuti, “Zabwino zimenezo, apitirize!” Koma kuvomera ndiye ayi. Amati anthu a masiku ano akulankhulira m'mphuno. Achimwene ndi munthu woti akapunthwa amakalipira mwala. Ndipo anatiuziratu kalekale, akunyoza woimba wina wokalamba, kuti tsiku limene munthu adzawauze kuti sakumvanso, timitengo ta ng'oma adzatiponya pamoto. Sanali kuseka. Akazi awo anamwalira, ana anabalalika, ndipo chowadzutsa m'mawa chinatsala ndi ng'oma zokhazo.

Amuna anga anazindikira ine ndisanazindikire, koma sanauze munthu. Anangoyamba kuimba ndi phazi. Kale ankakhala phee, zala zokha zikuyenda. Kenaka chidendene chakumanzere chinayamba kukwera ndi kutsika moonekera, mpando wawo n'kusunthira pamene achimwene angachione bwino. Nyimbo ikafuna kuthamanga, chidendene chimathamanga. Ikafuna kutha, phazi limapendekeka. Pakona ya hotelayo pali kamdima, choncho tsiku lina bambo amene chibadwire sanavalepo nsapato ina koma yakuda anafika kunyumba ndi nsapato zoyera mbee.

“Abambo, kodi mwapeza chibwenzi?” ndinafunsa.

“Zinangondisangalatsa,” anatero, maso ali kudenga.

Amuna anga akamanama amayang'ana kudenga. Loweruka lotsatira ndinapita kuhotelako, ndinaona maso a achimwene ali pansapato ija osaphethira, ndipo ndinabwerako osafunsanso kanthu. Kuyambira pamenepo wozipukuta nsapatozo ndine.

Nkhani ya chimbale inabwera ndi mayi wina wa situdiyo, wamsinkhu wa mwana wathu wamkulu. Anadzadya kuhotela, n'kumvetsera mpaka chakudya chake kuzizira, kenaka anati nyimbo zotere si zoti zizithera m'phokoso la masupuni, abwere adzazijambule. Amuna anga sanapemphepo kanthu pamoyo wawo, koma chimbale ankachifuna. Ndinkawapeza m'shopu atagwira zimbale za anthu ena, akuwerenga kuchikuto ngati kalata yochokera kwa m'bale wakutali. Atabwera ndi nkhaniyi anakhala pabedi nsapato imodzi ili m'manja, n'kumangobwereza kuti, “Cha atatufe, amayi. Cha atatufe.”

Tsiku lojambula ndinawaperekeza, nditanyamula fulasiki ya tiyi ndi buledi, chifukwa amuna atatu okalamba ukawasiya okha amaiwala kudya. Situdiyoyo ili pamwamba pa sitolo yogulitsa matayala. Makoma ake anamata masiponji, pansi pali kapeti, mawaya ali paliponse. Chitseko chikatsekedwa mumakhala zii woti umamva m'mimba mwa mnzako mukulira. Aphunzitsi anatsokomola kamodzi n'kupepesa kwa khoma.

Mavuto anayamba nyimbo isanayambe. Mayi uja anatsegula kachipinda kakang'ono ngati bafa, ka chitseko cholemera, n'kunena mwaulemu kuti ng'oma zikhala m'menemo, kuti phokoso lake lisalowe m'maikolofoni ya gitala. Kachipindako kanali ndi kazenera kamodzi. Munthu wokhala mkatimo ankaona mutu ndi mapewa a anzake, kutsika apo ayi. Achimwene analowa monyadira, akuti awapatsa ofesi. Anawaveka mahedifoni kuti azimvera anzawo m'menemo, iwo n'kukweza chala chachikulu kuti zonse zili bwino.

Kenaka mayi uja, ali kuseri kwa galasi lalikulu pamene panali mabatani ake, anakwinya nkhope.

“Pali chinachake chikugunda pansi. Bambo, kodi ndi phazi lanu? Pepani, tavulani nsapato, maikolofoni ikutola.”

Anavula. Sokosi inali yobowoka pachala chachikulu, ndipo ine ndinalakalaka kapeti atandikwirira. Koma amuna anga za sokosi sanaziganize n'komwe. Ankayang'ana kazenera kaja, ndipo ndinaona thukuta likutuluka pamphumi pawo m'chipinda chozizira.

Anagwedeza mutu, nyimbo n'kuyamba. Poyambirira zinayenda. Kenaka pang'onopang'ono gitala ndi besi analowera kumsika, ng'oma n'kulowera kutchalitchi. Chopweteka chinali choti achimwene ankaimba bwino zedi, manja ofewa, akumwetulira, kungoti ankaimba nyimbo yawoyawo. Anayambiranso. Zomwezo. Mayi uja anakweza mawu m'mahedifoni n'kufunsa ngati achimwene akumva, iwo ataona milomo ikuyenda anakuwa kuti, “Bwinobwino, mwanawe!” Khutu lotseka ukalikuwira limangomva kulira ngati kwa njuchi, koma zimenezo akanauza ndani? Anayesanso mpaka Aphunzitsi anatsegula maso, chinthu chimene sindinachionepo.

Pa nthawi yopuma achimwene anatsika kukapitidwa mphepo. Ine ndikuthira tiyi, mayi wa situdiyo anakhala pafupi ndi amuna anga n'kulankhula motsitsa. Sanali wamwano, ankaonekanso kuti zikumupweteka.

“Bambo, zimachitika. Ena situdiyo imawasokoneza. Pali woimba ng'oma wina amakhala chapafupi pompa, ndingamuimbire foni abwere masana ano. Achikulirewa tiwalemba pachikuto kuti tikuwathokoza.”

“Pahotela sachita chonchi,” anatero Aphunzitsi, akuomba tiyi. “Koma tikapitiriza chonchi tituluka muno opanda kanthu. Masamu ake ndi osavuta.”

Mwina mukuti akanangomuuza mayiyo zoona. Ndinaganizanso choncho. Koma mayi wabwino mtima ngati ameneyu akanayamba kuwalankhula achimwene mokweza ndi mwachisoni, ndipo achimwene chisoni amachinunkhiza chili kutali. Akanadziwa nthawi yomweyo kuti auzana, ndipo tsiku lomwelo timitengo tikanapsa. Amuna anga anaika kapu pansi. Chimbale chimene anachilota moyo wonse chinali pamenepo, chongofuna kuti agwedeze mutu.

Chitseko chinatseguka, achimwene n'kulowa akupukuta m'manja. Apo amuna anga anaimirira, anayang'ana kudenga, n'kukuwa.

“Vuto ndine! Ine sindingaimbe chonchi!”

Ndinatsala pang'ono kugwetsa fulasiki. Munthu ameneyu sanakalipirepo ngakhale nkhuku.

“Ine ndine katswiri,” anapitiriza, mawu akuthawa. “Katswiri saimba ndi sokosi. Ndikufuna nsapato zanga. Ndiponso pansi pano mawu a gitala akufa. Gitala amakoma m'mwamba. Ndikufuna kukhala pamwamba.”

“Pamwamba pati, bambo?” anafunsa mayi uja.

Analoza tebulo lalikulu limene tinaikapo buledi. “Apo. Muliike apa, moyang'anana ndi zenera ili, mpando pamwamba pake. Akatswiri onse akunja amatero.”

“Ine sindinamvepo,” anatero Aphunzitsi.

“Simunafikeko.”

“Nanga inu munafikako liti?”

“Aphunzitsi, musandisokoneze, ndikatentha mutu sindiimba!”

Muyenera kudziwa kuti amuna anga amaopa pamwamba. Babu likapsa kwathu wokwera pampando ndine, iwo amagwira miyendo ya mpando n'kumandilimbikitsa. Ndiye kukwera patebulo lija inali ntchito. Aphunzitsi anawagwira mkono, ine ndikukankha kumbuyo, iwo akubuula ngati akukwera lole. Atafika pamwamba anakhala pampando mosamala, mawondo akuombana, ife n'kuwapatsira gitala. Mayi wa situdiyo anangogwira m'chiuno. Anati phazi limvekabe, ndiye ndinavula juzi yanga, n'kuipinda, n'kuiika pansi pa chidendene. Juzi yatsopano imeneyo.

Achimwene anaseka mpaka kutsamira khoma.

“Alamu, mwapenga kodi? Chimbale sichinatuluke, matama mwayamba kale! Iwe, amuna akowa wawadyetsa chiyani? Mawa adzafuna tiwanyamule pamapewa!”

“Lowani mu ofesi yanu, alamu,” anatero amuna anga, osayerekeza kuyang'ana pansi.

Achimwene analowa, chitseko chinatsekedwa, ndipo pakati penipeni pa kazenera kaja panaoneka nsapato yoyera. Chidendene chinakwera, chinatsika, nyimbo n'kuyamba.

Ndanena kale kuti jazi sindimumvetsa, koma anthu akamamvana ndimadziwa. Gitala ankanena kanthu motsitsa, ng'oma n'kuyankha ndi kamawu kamodzi, besi n'kuvomereza pansipansi ngati mkulu wamvula zakale. Amuna anga akasiya mpata, achimwene amaikapo kakugunda kamodzi kokha, pamalo pake penipeni. Aphunzitsi anatsinzinanso. Nyimbo inapita kutali, inabwerako, phazi linapendekeka, onse atatu n'kuima pamodzi. M'chipindamo munati zii, ndipo ine misozi inali itafika kale pachibwano. Ndinali wokondwa, komanso ndinali ndi mantha kuti bambo agwa.

Ndinali nditakhala pafupi ndi mayi wa situdiyo kuseri kwa galasi. Pa nyimbo yachiwiri ndinaona maso ake akuchoka pamabatani. Anayang'ana kazenera, anatsatira maso a achimwene mpaka pansapato, anabwereranso pakazenera. Kenaka anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana m'kapu mwanga ngati mwagwera ntchentche. Nyimbo itatha anadzuka, anatenga nyale yaitali imene inali pakona, n'kuiimika pambali pa tebulo, kuwala kwake kukugwera paphazi.

“Kuti katswiri azioneka bwino,” anatero. Za foni ija sanazitchulenso.

Amuna anga anakhala pamwambapo mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa anati akatsika sakweranso. Buledi anadyera pomwepo, ine ndikuwapatsira ngati ndikudyetsa munthu wa padenga. Mwendo unagwidwa ndi dzanzi, unayamba kukokana, koma chidendene sichinaphonye. Panali nyimbo ina yodekha imene iwo anaipeka okha, imene kunyumba amaiimba mosasamala nthawi, kuikoka apa, kuisiya apo, mmene mtima wafunira. Imeneyo anaiwongola kuti iyende ndi phazi. Ine amene ndaimva m'khitchini kwa zaka zambiri ndikudziwa kuti ya pachimbale siifika pa ya kunyumba. Iwonso akudziwa. Ndinawafunsapo kamodzi, anangoti nyimbo ya anthu atatu siyenda ngati ya munthu mmodzi.

Chithunzi anajambula ndi mayi yemwe uja tikumaliza, ndipo n'chimene anaika pachikuto: bambo wa imvi pamwamba pa tebulo, chibwano m'mwamba ngati mfumu ya dziko lonse. Anthu amati n'kunyada. Ndi mantha amenewo, ankaopa kuona pansi.

Nkhani ya tebulo inafika mumsewu mwathu ife tisanafike, ndipo ndikukayikira Aphunzitsi. Ometa tsitsi anayamba kuwatchula kuti Akatswiri. M'mawa akamatsegula shopu, wina amakuwa kuti, “Akatswiri, tikubweretsereni makwerero?” Mayi wa mabatani anawafunsa ngati masiku ano makina osokera amakonzera padenga. Ine zinkandipsetsa mtima, ndinkafuna kutuluka n'kuwauza onse kuti atseke pakamwa. Amuna anga amangovula chipewa n'kuwerama, n'kulowa kukathira oilo. Ndikuganiza kuti dzinalo analikonda pang'ono.

Chimbale chitatuluka tinachimvera m'shopu momwemo, masana ena, titasuntha makina akufa kuti anthu apeze pokhala. Ometa anabwera ndi makasitomala awo, wina atametedwa mbali imodzi. Achimwene anakhala patsogolo, pafupi ndi sipika, atavala jekete. Ankagwedeza mutu, kuseka ena akaseka, kuomba m'manja ena akaomba. Itatha nyimbo yomaliza anaimirira n'kulengeza kuti alamu awo akadapanda kukhala ndi munthu wowagwira pang'oma, bwenzi atathamanga mpaka kugwera m'ngalande. Anthu anaseka, amuna anga n'kuvomera kuti n'zoona.

Achimwene ndinawaperekeza pokwerera basi. Tinayenda pang'ono, ine ndili mbali ya khutu lawo labwinoko, monga ndinazolowera. Titadutsa sitolo ya mapaipi anaima.

“Amuna ako aja sadziwa kunama,” anatero.

Inenso ndinaima. “Kunama chiyani, achimwene?”

“Iwe, usandiyese mwana. Munthu wokanika kusintha babu akwere patebulo chifukwa cha mawu a gitala? Ndinkawaona mawondo pazenera paja. Ndinkaimba ndikupemphera kuti asagwe.” Anaseka, kenaka anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete. “Usakawauze kuti ndikudziwa. Angachite manyazi. Avutika kwambiri kuti andipusitse, asiye azikhulupirira kuti zinatheka.”

Ndinalonjeza. Ndinaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma iwo sanasunthe. Ankayang'ana magalimoto, chimbale chili m'manja, akuchitembenuzatembenuza.

“Tsono tandiuza, mlongo wanga. Chikumveka bwanji? Ine m'shopu muja sindinamvemo kanthu.”

Chiyambireni vutoli, kanali koyamba kuti anene ndi pakamwa pawo. Ndinafuna kulira, koma ndinadziwa kuti ndikalira sadzandifunsanso. Ndiye ndinawakokera khutu pafupi n'kuyamba kukuwa pakati pa msewu, anthu akutiyang'ana ngati tikukangana. Ndinawauza kuti nyimbo yoyamba ikuyamba ndi iwo okha, mofewa, ngati munthu akusesa pakhonde m'mawa. Ndinawauza kuti Aphunzitsi akumveka akupuma ngati ng'ombe. Ndinawauza kuti pa nyimbo yachitatu anathamanga.

“Ine? Kuthamanga?”

“Munathamanga, achimwene! Pang'ono, chakumapeto!”

“Bodza! Ndi besi ameneyo!” Koma nkhope yonse inali itawala, chifukwa munthu amene ukumumvera chisoni sumuuza kuti anathamanga.

Basi inabwera, inadzaza, inapita, ife tili pomwepo, ine mawu atasasa. Nditamaliza nyimbo zonse anayang'ana chimbale chija.

“Ndiye kuti ndilimo,” anatero. “Sanaikemo wina pambuyo, ine nditachoka?”

“Mulimo, achimwene!” ndinakuwa. “Kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndinu nokhanokha!”

Analowetsa chimbale m'thumba la mkati la jekete, anamanga batani, n'kundiuza kuti ndisiye kukuwa pamsewu, iwo si ogontha.